Fani ya ku Bekale Ikubwerera M'mbuyo

Lamulungu, 5 Okutobala

Mawa ndikupita ku ntchito NDEKHA. Ndalemba ndi zilembo zikuluzikulu dala.

Lolemba, 6 Okutobala

Eeh, lero! Manja akununkhabe girisi koma cholembera ndagwira, sindingadikire.

Zaka zisanu ndi chimodzi ndikunyamulira Amalume bokosi la zipangizo. Iwo wamagetsi, ine wopatsira sikuludiraiva. Ndiye masabata atatu apitawa anaterereka m'bafa mwawo momwe, mwendo thyo, pano ali pa chikhakha mpaka m'ntchafu. Munthu wokwera madenga a anthu moyo wake wonse n'kudzagwetsedwa ndi sopo. Sindinaseke pamaso pawo.

Ntchito zonse zinaima, koma fani ya ku bekale inakana kudikira. Eni ake, Mayi B., amaimba foni katatu pa tsiku kuti ophika buledi awo akupsa pamodzi ndi buledi. Dzulo Amalume anandiitana. Akuti, "Ukaimanga bwino, ntchito zonse ndi zako mpaka ndichire. Ikakukanika ndiitana Wandevu." Wandevu ndi wamagetsi mnzawo uja amanditchula kuti kamtsikana ka mawaya. Ndinangoti chabwino amalume.

Faniyo ndi chifani, kukula ngati tayala la lole, mapiko asanu ndi limodzi. Ntchito yake kukoka utsi ndi kutentha n'kutaya kunja. Ndi yakale, Amalume anaichotsa okha kufakitale ina, ndipo kamuvi kosonyeza kozungulira kanakwiririka ndi penti. Ili ndi mawaya atatu amoto. Ukasemphanitsa awiri, mota imazungulira kwina, basi, nkhani yake ndi yomweyo.

Ophika awiri anandithandiza kuikweza pabowo la pakhoma. Mabawuti ndinamanga ndekha, sefa ya waya mkati, ina kunja kuti mbalame zisalowe. Switchi ndinaika kuseri, m'chipinda cha matumba a fulawa, chifukwa ndi komwe kuli bokosi la magetsi. Ndinadina, ndinathamanga kubwera kutsogolo, ndinapeza ikulira kale, wuuuu, mapiko osaoneka. Ndinatenga pepala lokulungira buledi, kuliyandikiza, phaa, lamata pasefa. Ikukoka! Ophika kuomba m'manja, Mayi B. kundipatsa banzi lotentha. Ine kudzimva ngati ndamanga ndege.

Kenako matama. Ndinajambula vidiyo n'kutumizira Amalume.

Sipanathe mphindi, foni. "Iwe, ikubwerera m'mbuyo." Ndinati amalume, pepala lamata. "Pepala limamata ndi mpweya wa mphuno womwe. Fani imeneyo ndikuidziwa ngati mkazi wanga. Ukaima mkati imayenda ngati wotchi. Taona vidiyo yakoyo."

Ndinaona. Zoonadi abale, mapiko akuyenda pang'onopang'ono kubwerera kumanzere, poyerayera. Ndinayang'ana fani yeniyeniyo, ndi chimbuuzi chabe, diso silingagwire kanthu. Ndinayang'ananso foni, kumanzere. Ndiye ndani ine kutsutsa Amalume pamodzi ndi kamera?

Ndinazimitsa, ndinasemphanitsa mawaya awiri, ndinayatsa, ndinajambulira pakhomo chifukwa Mayi B. anali atayamba kale kuliza makiyi. Pavidiyo: kumanja, ngati wotchi! Amalume: "Eya. Mawu a akuluakulu akoma akagonera." Kenako anawonjezera kuti ndayesetsa. AMALUME. Kunena kuti ndayesetsa.

Pobwera ndinayenda wapansi mtunda wonse, minibasi ikanandichepera. Kunyumba Achemwali anga ati ndikumwetulira ngati ndafunsiridwa.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Madzi achita katondo.

Foni ya Mayi B. inandipeza ndikutsuka mano. Mawu awiri okha: "Bwera uone."

Ndinaona. Ophika anali atathira fulawa patebulo lalikulu lija lili pansi pa fani, mmodzi n'kupita kukayatsa. Fani m'malo mokoka inauzira. Fulawa yense m'mwamba, utsi wa uvuni kubwerera m'maso, fumbi la kunja ndi timasamba kugwera pa makeke makumi awiri opakapaka kale zoyera. Anthu onse ali mbuu, nsidze zomwe. Wophika wamkulu amangothwanimitsa maso ngati nkhuku yogwera m'phulusa. Mulungu andikhululukire, kuseka kunandifika pakhosi, koma nditaona nkhope ya Mayi B. kunabwerera kokha.

Dzulo sindinayesenso ndi pepala. Sindinayese! Kapepala kamodzi, masekondi awiri.

Ndinabweza mawaya momwe ndinamangira poyamba, ndinayatsa, utsi wonse fyuu kunja. Mayi B. anafunsa kuti nanga dzulo unasinthiranji zinthu zili bwinobwino. Ndinati ndinalakwitsa ndine mayi, pepani. Dzina la Amalume sindinatchule. Akhala akuwakonzera magetsi mayiwa zaka makumi awiri, ndiwavule pamaso pa anthu ali chigonere? Ndinatenga tsache.

Masana ndinakawafotokozera. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anangoganiza, n'kunena kuti ngati ikuyenda ngati wotchi koma ikuuzira mkati, ndiye kuti ndinaiika chozondoka pakhoma, kumaso kuli kumbuyo. Ndipo panopa, poti ndabweza mawaya, ikukoka inde koma mobwerera, nati ya pakati yogwira mapiko idzamasuka, tsiku lina phiko lidzauluka n'kudula munthu khosi. Pomwepo anaimbira Mayi B. kuti asayatsenso. Kenako anaimbira Wandevu, ine ndili pompo. Loweruka m'mawa akabwera ndi tchizulo kudzaigumula pakhoma n'kuitembenuza. Ntchito zinazo atenganso iye.

Ndinati amalume, sindinaizondotse. Anati, "Ndiye kamera ikunama?"

Kunyumba ndanamizira mutu, Achemwali andipatsa panado.

Lachitatu, 8 Okutobala

M'mawa ndinapita kubekale kukatenga pulayala yomwe ndinaiwala. Fani ili zii. M'kati motentha ngati m'chitini, ophika malaya ali chonyowa, palibe wondiyankhulitsa. Ndinaima n'kumaiyang'ana ngati mwana wanga ali m'kalasi la olephera.

Ndiye ndinaona chinthu. Sefa ziwiri zija, yamkati ndi yakunja, ukaziyang'ana pamodzi kuwala kuli kuseri, pamabadwa mizere ikuluikulu yakuda, yopindikapindika ngati mafunde. Pasefa imodzi palibe. Pa inzakeyo palibe. Ndikasuntha mutu pang'ono kumanja, mafundewo amathamangira kumanzere, liwiro lake loposa mutu wanga. Fani yozima, sefa zomangidwa ndi mabawuti anga, palibe chikuyenda, koma ine ndikuona zikuyenda! Ndinakhala ndikugwedeza mutu uku ndi uku mpaka wophika wamkulu anati, "Achemwali, fulawa uja anakulowani m'mutu?"

Madzulo ndinaulula zonse kwa Achemwali. Zaka zonsezi ndimawaseka kuti sayansi yomwe amaphunzitsa kusekondale siingasinthe ngakhale babu. Lero andibwezera. Anaonera vidiyo kamodzi, anayamba kuseka mpaka kukhala pansi pakhitchini. Akuti, "Iwe ndi amalume ako mwasemphanitsa mawaya chifukwa cha ichi? Ana anga a fomu 3 akanakuuzani!"

Anachotsa wotchi pakhoma n'kuiika pamwendo panga. Akuti tseka maso. Ndinatseka. Tsegula: muvi wautali uli pa 12. Tseka. Tsegula: pa 11. Kenako pa 10, pa 9. Akuti ukupita kuti? Ndinati m'mbuyo. Akuti ayi mbuli iwe, ndikuuzunguliza kutsogolo, koma nthawi iliyonse ndikuusiya utatsala pang'ono kukwanitsa ulendo wonse. Iwe ukungoona pomwe waima, za pakati ukudzaza wekha.

Kamera ndi chimodzimodzi. Siyang'anitsitsa ngati diso, imaphethira, mwina ka makumi atatu pa sekondi. Ndipo mapiko onse asanu ndi limodzi ndi ofanana ngati ana a yunifolomu. Ikaphethira, phiko lina lafika pafupi ndi pomwe panali linzake koma laperewera pang'ono. Ikaphethiranso, laperewera pang'ono. Ubongo umati ndi phiko lomwe lija likubwerera.

Ndinakuwa. Ndinakuwadi, mpaka aneba anagogoda khoma. Ndiye kuti Lolemba poyamba paja ndinali nditakhoza! Ndipo nditasemphanitsa, fani inabwereradi m'mbuyo, kamera n'kunamanso kachiwiri kuti ikupita kutsogolo. Bodza pamwamba pa bodza, ife n'kuombera m'manja.

Ndinafunsa za mafunde a pasefa. Anatenga zipeso ziwiri, changa ndi chawo, mano ake osiyana pang'ono, kuzisanjikiza kuyang'ana kubabu. Mizere yomweyo! Pena mano akumana kuwala kudutsa, pena dzino latseka mpata wa linzake pada. Akasuntha chipeso chimodzi pang'ono, mizere yakuda imathawira kwina. Ndinawalanda. Chakudya chinapserera ndili ndi zipeso kumaso.

Lachinayi, 9 Okutobala

Ndapenga, ndavomera. Chilichonse chozungulira ndachijambula. Tayala la njinga ya aneba: kutsogolo, kuima, kubwerera. Matayala a minibasi pamsewu waukulu: galimoto ikupita kutauni, matayala akubwerera kwawo. Makina a telala wa pakona. Telala anafunsa ngati ndine wa boma.

Ndisanatuluke, Achemwali anandionetsanso china ndi beseni lochapira. Chala chimodzi kugunda madzi, timafunde tozungulira. Zala ziwiri nthawi imodzi, timafunde tikakumana pena timakwerana n'kutumpha, pena timaphana, madzi n'kukhala bata ngati palibe chikuchitika. Akuti ndi pachibale ndi zipeso zija: zinthu ziwiri zobwerezabwereza zikakumana zimabereka chachitatu chomwe panalibe. Ndinati ngati ukwati. Anandiwaza madzi. Anachedwa kusukulu chifukwa cha ine, ndipo sakudandaula, akuti aka n'koyamba m'banja muno munthu kuwafunsa funso la nzeru.

Kuseka kunatha nditafika pageti pa Amalume. Kudziwa ndi kwina, kuuza Amalume kuti alakwa ndi kwina. Anthu awa anandilipirira sukulu ya zamagetsi bambo atamwalira, pamene abale onse ankati mtsikana akaphunzire kusoka. Ndinazungulira geti kawiri ngati galu wofuna pogona.

Ndinawapeza pakhonde, mwendo pampando, kafani kawo ka patebulo kakuwakupiza. Sindinakonzekere, kafaniko ndi komwe kanandipatsa nzeru. Ndinati amalume, ndibwerekeni foni yanu. Yanu, osati yanga, kuti musati ndachita matsenga. Ndinatsegula kamera, ndinawapatsa m'manja, ndinati yang'anani kafani kanu. Pa 1, mapiko pafoni akupita kutsogolo. Ndinadina 2, anayamba kuzengereza ngati aledzera. Ndinadina 3. Kubwerera m'mbuyo, bwinobwino, mphepo ikuwaombabe kumaso mpaka tsitsi la m'makutu kugwedera.

Ndinayamba za wotchi, za kuphethira, mawu akungothamangitsana. Ndikuganiza ndinatchulanso zipeso ndi beseni, kaya zinalowa bwanji. Iwo maso pafoni, pakafani, pafoni. Anadina okha 1, 2, 3. Kawiri.

Kenako anaika foni chafufumimba pamwendo. "Aka ndi kachidole ka m'nyumba. Ija ndi mota ya mawaya atatu."

Ndinati amalume, kamera siidziwa mawaya.

Anandiyang'ana mpaka ndinamva kuzizira. "Wamaliza?" Ndinati eya. Anati ndiwatengere madzi akumwa. Ndinawatengera, ndinatsanzika, anangoti uyende bwino.

Kaya ndakonza kaya ndaonongeratu. M'njira ndinajambulabe tayala la wilibala, sindinathe kudzigwira. Silinabwerere, limayenda pang'onopang'ono kwambiri.

Lachisanu, 10 Okutobala

Foni zii tsiku lonse. Ndaiyang'ana mpaka batire kutha.

Wandevu ndinakumana naye kusitolo ya zomangira akugula simenti ya pakhoma. Akuti, "Usadandaule kamtsikana, mawa ubwere udzaone momwe timachitira." Ndinati ndibwera ndithu. Achemwali akuti ndikapite nditavala ovolosi yochapa, munthu azigonja akuoneka bwino.

Loweruka, 11 Okutobala

Ndilembe mwadongosolo, ngakhale dzanja likufuna kuyambira kumapeto.

Ndinafika molawirira. Wandevu anali atafika kale, tchizulo ndi hamala m'manja, akuuza Mayi B. kuti ntchito zina zimafuna mafupa. Ophika akungopukuta thukuta, masiku anayi opanda fani. Ine ndinaima pakona ndi ovolosi yanga yochapa.

Hamala isanagunde, panja panaima takisi. Kutsika ndodo ziwiri, kenako chikhakha, kenako Amalume. Munthu amene adokotala anati asaponde pansi mpaka mwezi uthe! Mayi B. anathamanga, "Bambo inu, mwadzavutikiranji?" Anati anabwera kudzaona fani yawo. Ine sanandiyang'ane n'komwe.

Anaitanitsa thumba la fulawa, anakhalapo moyang'anana ndi fani, mwendo tantha. Anauza Wandevu kuti adikire kaye. Anatulutsa choko m'thumba la malaya, anati wina amasule sefa yamkati alembe mzere paphiko limodzi. Wandevu anatambasula dzanja. Choko chinadutsa dzanja lake chinabwera kwa ine. Ndinamasula, ndinalemba, ndinamanganso, mabawuti akundipulumuka ngati sopo.

Ndiye anauza wophika wamkulu kuti apite kuseri, adine kuyatsa, awerenge mpaka khumi, azimitse. Apa ndi pomwe ndinadzimenya pamphumi. Masiku awiri aja ndine ndimadina kuseri kuja n'kuthamanga, kupeza yathamanga kale. Sindinaionepo ikuyamba kapena ikuima, ngakhale kamodzi.

Wuu. Phiko la choko linanyamuka pang'onopang'ono, aliyense akuona ndi maso ake. Kumanja. Ngati wotchi. Ndinaluma mlomo kuti ndisakuwe. Liwiro litakwera mapiko anasowa, Amalume anakweza foni yawo, tonse tinaunjikana kumbuyo kwawo, Mayi B., ophika, Wandevu ndi hamala yake. Pafoni mapiko anapita kutsogolo, anaima chilili, n'kuyamba kubwerera. Wophika wina anati, "Aaa, ufiti uwu!" Itazimitsidwa zinabwerezanso chobwerera, kuima, kutsogolo, kuima, mpaka mzere wa choko unaonekanso ndi maso ukuzungulira mwaulesi, kumanja, kumanja, n'kuima.

Wandevu anati mwina nati ndi yomasuka. Amalume anati, "Kaigwire." Anakaigwira ndi sipanala, anakanika kuisuntha ngakhale pang'ono. Ndinamanga ndine imeneyo.

Amalume anaika foni m'thumba, anakonza kukhosi. Ndinaganiza kuti anena kuti mafoni a masiku ano ndi achabechabe, nkhani n'kuthera pomwepo, ndipo ine ndikanalandira. Koma anatembenukira kwa Mayi B.

"Mayi, makeke anu aja ndinaononga ndine. Mwanayu anamanga bwino tsiku loyamba, anayesa ndi pepala, anandiuza. Ine ndili pakhonde kwathu ndinamulamula kuti asinthe."

Mayi B. anandiyang'ana. "Iwe, nanga unasesa bekale yonse ija osanena?" Ndinangoyang'ana nsapato. M'maso munali mutadzaza kale, ndipo ndinkadziwa kuti ndikatsegula pakamwa patuluka kulira ndi kuseka pamodzi.

Wandevu anayamba kulongedza tchizulo mwakachetechete. Amalume anamuthokoza chifukwa chobwera, anati za ntchito zina zija asavutike, zili ndi mwini wake.

Mayi B. anadzikupiza ndi katoni, anati, "Chabwino, zamveka. Ndiye bambo, tiyatse kapena tisayatse? Anthu anga atha."

Amalume anali akulimbana ndi ndodo zawo kuti aimirire. Osadzutsa mutu anati, "Musafunse ine. Funsani wamagetsi wanu."

Onse anatembenukira kwa ine, ndi Wandevu yemwe. Ndinati tiyatsa, mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana wa sukulu, ndinabwerezanso mokweza. Ndinapita kuseri ndekha, ndinatseka chitseko, ndinalumpha katatu pakati pa matumba a fulawa. Kenako ndinadina batani, wuuuu.